Za amene akuti ku Katori amangovina

Ku Japan, m'chigawo cha Chiba chomwe chili kum'mawa kwa Tokyo, kuli sukulu ya luso la nkhondo yomwe inayamba Columbus asanawoloke nyanja kupita ku America, ndipo mpaka lero anthu akuphunziramo. Dzina lake ndi lalitali, Tenshin Shōden Katori Shintō-ryū, choncho tizingoti Katori. Ophunzira ake amakhala awiriawiri, malupanga a mtengo m'manja, n'kumabwereza mayendedwe omwe anakonzedwa kalekale, omwe Ajapani amawatcha kata. Kulibe mpikisano, kulibe chikho, kulibe lamba wakuda. Chifukwa cha ichi, anzathu amene anakulira m'mavidiyo sho a nkhonya n'kudzamalizira pa UFC ya pa foni akangoona masekondi 30 a kata ya ku Katori, mlandu umathera pomwepo: awa akungovina, alowetseni mu khola la waya tione ngati atha mphindi imodzi.

Chigamulo chimenechi chimamveka ngati cha munthu wochenjera, wokonda umboni, wosapusitsidwa ndi nthano. Ine ndikuti ndi chaulesi. Wochiperekayo sanafunse kuti lupangalo likuloza pati, sanafunse chifukwa chomwe awiriwo atalikirana chotero, sanafunse kuti mwa awiriwo wamkulu ndi uti. Waona chinthu cha zaka zoposa 500, wachiyeza ndi muyezo wa masewera omwe anayamba mu 1993, ndipo wakagona mtima uli m'malo poganiza kuti waganiza.

Chawo ndiwapatsa, asadandaule. Mutatenga bambo wa zaka 60 wa ku Katori, n'kumulanda lupanga lake la mtengo, n'kumutsekera mu khola ndi mnyamata wa zaka 25 amene amadyera kumenyana, bamboyo atuluka atanyamulidwa. Apa palibe chokangana. Ndiwathandizanso ndi mfundo yomwe ambiri mwa iwo saidziwa: ngakhale pa nkhondo zenizeni za asamurai, lupanga silinali chida chachikulu. Ankhondo a nthawi imeneyo akabwerako ku nkhondo ankalemba zikalata zopempha mphotho kwa mbuye wawo, ndipo m'zikalatamo ankatchula mabala awo limodzi ndi limodzi, poti bala linali umboni woti munthu unalipodi pomwe zinkachitikira. Thomas Conlan, katswiri wa mbiri ya Japan, anawerenga mabala a m'zikalata za zaka za m'ma 1300 n'kupeza kuti ochuluka kwambiri anali a mivi. Suzuki Masaya anachita zofananazo ndi zikalata za zaka zotsatira, ndipo anapeza mivi, mikondo, miyala, kenako zipolopolo mfuti zitafika pa chilumba cha Tanegashima mu 1543. Mabala a lupanga anali ochepa. N'chifukwa chake Karl Friday, amene analemba za sukulu ina yakale yotchedwa Kashima-Shinryū ndipo iyenso ndi wophunzira wake, amati sukulu zoterezi sizinali malo osulirako asilikali a chikhamu ngati kambi ya lero. Olowamo anali ochepa, ndipo ankafunako china choposa kungodziwa kubaya.

Ndiye Katori ndi chiyani? Kwa ine ndi nkhokwe. Muli momwe munthu wa zaka za m'ma 1400 ndi 1500 ankaganizira za thupi lake, za mtunda wa pakati pa iye ndi mdani, za mantha ndi za imfa, ndipo zimenezi zinasungidwa m'miyendo ndi m'manja mwa anthu, wina kupatsira mnzake, kwa mibadwo 20 ya banja limodzi. Ife ophunzira mbiri timadandaula tsiku lililonse kuti zakale zambiri zinapita osasiya phazi. Lupanga limatsala, mukalipeza mu galasi ku nyumba yosungira zakale, koma kaimidwe ka wolinyamula kamapita naye kumanda. Ku Ulaya ndi zomwe zinachitika. Kumeneko chingwe chinaduka, ndipo lero okonda malupanga akale amakhala pansi ndi buku la Fiore dei Liberi la kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400, kuyang'ana zithunzi, kukangana kuti phazi lakumanzere linali pati pakati pa chithunzi ichi ndi chinacho. Ntchito yawo ndimailemekeza, koma ndi ntchito yoyesa kudzutsa wakufa. Ku Katori kuli munthu wamoyo amene angagwire phazi lako n'kuliika pamalo pake, chifukwa nayenso wina anamugwira phazi.

Mwambo wa sukuluyi umati woyambitsa wake, Iizasa Ienao, anabadwa mu 1387 m'dera lomwe kale linkatchedwa Shimōsa, ndipo anatumikira banja la Chiba ngati wankhondo. Atakula anasiya zonse n'kupita ku kachisi wa Katori, komwe amapembedzako mulungu wotchedwa Futsunushi. Kumeneko anakhala masiku 1,000 akupemphera ndi kuyeserera zida usana ndi usiku, mpaka mulunguyo anamuonekera ngati kamnyamata n'kumupatsa chiphunzitso. Mawu oyamba a dzina la sukuluyi akunena zomwezo, kuti ichi n'cholandiridwa molondola kuchokera kwa mulungu. Iizasa anamwalira mu 1488, ndipo ngati zakazo zili zoona, anali atadutsa 100.

Za kamnyamata kochokera kumwamba ine sindikhulupirira, ndipo palibe akundikakamiza. Ngakhale chaka cha 1447, chomwe sukuluyi imati inayambira, akatswiri ena amachisunthira cha m'ma 1480. Apa onyoza aja amaomba m'manja, ati mwaona, zonse ndi nthano. Koma aliyense amene anakhalapo m'kalasi ya mbiri ya chaka choyamba akudziwa kuti nthano ya chiyambi sitiitaya kudzala, timaifunsa kuti ikugwira ntchito yanji. Nthano iyi ikunena chinthu chimodzi momveka: chiphunzitsochi mwini wake ndi kachisi, ndipo palibe mbuye wa nkhondo amene angati n'changa. Taonani zomwe zinatsatira. Sukulu ya Yagyū Shinkage-ryū inakhala yophunzitsa olamulira a banja la Tokugawa, inadya zonona za ku likulu. Katori inakhala kumudzi, m'manja mwa banja la Iizasa, ikulandira alimi ndi anthu wamba pamodzi ndi asamurai. Ulamuliro wa Tokugawa utagwa mu 1868, ndipo boma latsopano litaletsa asamurai kuyenda ndi malupanga mu 1876, sukulu zambiri zomwe zinkadalira malipiro a ambuye zinafota n'kutha. Katori inalibe mbuye woti igwe naye. Sindikunena kuti nthano ija yokha ndiyo inaipulumutsa, koma amene akuiseka akuseka imodzi mwa mizati yomwe inagwira denga.

Kumbukiraninso nthawi yomwe sukuluyi inabadwira. Mu 1467 kunabuka nkhondo ya Ōnin, yomwe inatentha mzinda wa Kyoto kwa zaka khumi n'kutsegula zaka zoposa 100 za nkhondo za pachiweniweni. M'dziko lomwe likuyaka chotero, nkhani yomwe Katori inasankha kusunga ya woyambitsa wake si ya mitu yomwe anadula. Amati munthu akabwera kudzamuputa kuti amenyane, Iizasa ankakhala pamwamba pa timitengo ta nsungwi zazifupi osatipinda, n'kumuuza mlendoyo kuti ayambe wachita zomwezo. Mlendoyo ankaona yekha kuti wasochera, n'kubwerera. Sukuluyi imasewereranso pa mawu awiri a Chijapani omwe amamveka mofanana, heihō, limodzi lotanthauza luso la nkhondo, linalo njira ya mtendere. Kaya nsungwizo zinapindika kaya ayi, sukulu imadziulula ndi nkhani yomwe imauza ana ake.

Tsopano tifike pa kuvina kuja. Wophunzira watsopano amayamba ndi kata zinayi za lupanga zotchedwa omote no tachi. Ndi zazitali kuposa za sukulu zambiri, ndipo akazizolowera amazichita mwaliwiro, mitengo ikulira motsatizana. Woonera amaona ngati wina akutema, wina akutchinga, kenako asinthana, mpaka mapeto. Akatero amati nkhondo yeniyeni sikhala choncho, ndipo akunena zoona. A ku Katori akudziwa zimenezo kuposa iye.

Kata zimenezi zimaganizira mdani wovala zodzitetezera za nkhondo, zija za timapale ta chitsulo ndi chikopa tolumikizidwa ndi zingwe. Kutema chipewa chachitsulo ndi kuwononga lupanga lako. Choncho lupanga limafunafuna pomwe chovalacho chasiya mpata kuti munthu athe kupinda ndi kuyenda: kunsi kwa mkono pafupi ndi dzanja, m'mbali mwa khosi, m'khwapa, pa chiuno pomwe chapachifuwa chimathera, m'kati mwa ntchafu momwe mumadutsa mtsempha waukulu wa magazi. Ukadziwa izi, mayendedwe omwe amaoneka achilendo aja, kutema kochokera pansi, kupendeketsa lupanga, kutsitsa thupi, amayamba kulankhula. Ndi mapu a chovala chomwe palibenso amene amachivala ku nkhondo.

Nanga bwanji amangomenyanitsa mitengo osagundana thupi? Ōtake Risuke, amene anali mphunzitsi wamkulu wa sukuluyi kwa zaka zambiri, anafotokoza poyera. Pafupifupi paliponse pomwe mitengo iwiri ikumana mu kata, pa nkhondo yeniyeni ndewu ikanathera pomwepo. Chomwe chikuoneka ngati kutchinga nthawi zambiri ndi kutema dzanja kapena khosi la mnzako, koma mtunda unawonjezedwa mwadala, ndipo lupanga la mtengo limaikidwa pomwe pakanakhala chiwalo cha thupi kuti lilandire nkhonyayo. Motero palibe wavulala, kata ikupitirira, mapapo ndi miyendo zikuzolowera kugwira ntchito mosalekeza, ndipo kazitape wa sukulu ina amene akusuzumira pa mpanda akuona chigoba chokha. Ganizani bwino apa. Kata inakonzedwa kuti woonera wakunja aione molakwika. Mnzathu wa pa foni uja akamati izi sizingagwire ntchito, wagwa mu msampha womwe unatcheredwa munthu ngati iye zaka mazana apitawo, ndipo akunyadira ali m'mbunamo.

Lupanga lalitali ndi khomo chabe. Kuli ndodo yaitali, kuli naginata, womwe ndi mpeni wopindika womangidwa ku mtengo wautali, kuli mkondo, malupanga awiri nthawi imodzi, lupanga lalifupi, kulimbana ndi manja, kuponya timisomali tachitsulo. Kuli kusolola lupanga m'chimake uli chonjuta pansi, kaimidwe komwe amati n'ka usiku, poti ukatsika umaona mthunzi wa mdani pa thambo iye asanakuone. Pamwamba pa izi pali maphunziro a kamangidwe ka malinga, kayendetsedwe ka gulu la nkhondo, kuwerenga nyenyezi ndi malo. Zina mwa zimenezi lero tingazitche zikhulupiriro chabe, ndipo kwa wophunzira mbiri n'zokoma kwambiri chifukwa cha chomwecho: zikutionetsa kuti kwa munthu wa nthawi imeneyo kudziwa tsiku labwino ndi kudziwa kugwira mkondo zinali phunziro limodzi.

Amene amakonda mpikisano ayerekeze ndi kendo, masewera a lupanga la nsungwi omwe Japan imanyadira lero. Mu kendo umapeza mapointi ukamenya pamutu, pa mkono, m'mbali mwa mimba kapena pakhosi, ndipo malo onse anayiwo ndi ophimbidwa ndi zodzitetezera. Ziyenera kutero, apo ayi bwenzi mpikisano uliwonse ukuthera kuchipatala. Koma onani chomwe chachitika: kuti anthu amenyane mwaufulu ndi mphamvu zonse, anaphunzitsidwa kumenya pomwe pali chitetezo, malo enieniwo omwe wankhondo wakale ankawapewa. Kendo ili ndi liwiro lenileni ndi mdani wosadziwika chomwe achite, koma malo omenya ndi a masewera. Katori ili ndi malo enieni, koma mdani ndi wogwirizana naye. Aliyense analipira mtengo wake. Kunena kuti mmodzi yekha ndiye akunama ndi kusadziwa kuwerengera.

Ndipo onyozawa asadzione ngati atulukira chatsopano. Mu nthawi ya mtendere wa Tokugawa, kuyambira 1603, Ajapani eni ake anayamba kudandaula kuti kata za sukulu zambiri zasanduka zokongoletsa, n'kuzipatsa dzina lonyoza loti lupanga la maluwa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700, Naganuma Kunisato wa sukulu ya Jikishinkage-ryū anakonza bwino lupanga la nsungwi ndi zovala zotetezera kuti ophunzira azimenyanadi, ndipo kendo inamera pa muzu umenewo. Mkanganowu uli ndi zaka 300. Kusiyana kwake n'koti amene ankakangana kalelo ankadziwa kata zomwe ankazinyozazo.

Munthu amene ndikufuna onyozawa amumvere ndi Kanō Jigorō, poti ndi agogo awo ngakhale sakuwadziwa. Kanō anaphunzira kulimbana m'sukulu ziwiri zakale, Tenjin Shin'yō-ryū ndi Kitō-ryū, ndipo mu 1882 anatsegula Kōdōkan ku Tokyo n'kuyambitsa judo. Iye ndiye anaika kulimbana kwaufulu pakati pa maphunziro, iye ndiye anabweretsa magiredi a dan ndi lamba wakuda uja anthu amamulambira. Wophunzira wa Kōdōkan, Maeda Mitsuyo, anafika ku Brazil mu 1914 n'kuphunzitsa Carlos Gracie, ndipo wa m'banja lomwelo, Royce Gracie, ndiye anapambana mpikisano woyamba wa UFC ku Denver mu 1993. Khola la waya lija ndi chidzukulu cha sukulu za kata. Nanga Kanō yemweyo anachita chiyani ndi zakale? Anasunga kata za Kitō-ryū, zoganizira anthu ovala zankhondo, m'kati mwa judo pansi pa dzina loti koshiki no kata. Mu 1928 anakhazikitsa gulu lofufuza maluso akale ku Kōdōkan, ndipo mwa aphunzitsi omwe anawaitana munali a ku Katori. Munthu amene anachita zambiri kuposa wina aliyense posandutsa luso la nkhondo kukhala masewera anaona kuti masewera amaiwala, ndipo anathamanga kukatunga madzi chitsime chisanaume.

Kuti masewera amaiwala, judo yomweyo ndi mboni. Mu 2010 bungwe loyendetsa judo padziko lonse linaletsa kuyamba ndi kugwira miyendo ya mnzako pa mpikisano, ndipo mu 2013 linakhwimitsanso lamulolo. Njira zogwetsera munthu zomwe zinali mu judo kwa zaka zambirimbiri zinasowa pa mpikisano, ndipo chomwe sichibweretsa mendulo, makochi ambiri sataya nacho nthawi. Komiti inakhala pansi, ndipo m'badwo wathunthu wa osewera unakula osazizolowera. Mpikisano umasunga chokhacho chomwe malamulo a chaka chino akulipira. Ngati Katori ikanamvera uphungu wa anzathuwa n'kulowa mu mpikisano, kutema kwa m'kati mwa ntchafu kukanakhala koyamba kuletsedwa, ndipo m'zaka 30 palibe akanakumbukira chifukwa chomwe thupi limatsikira pamenepo.

Chomwe chimakwiyitsa anthu a m'badwo wathu kwambiri ndi khomo lotseka. Kuti ulowe ku Katori umachita keppan, lumbiro la magazi: umadzicheka pang'ono chala n'kudinda pa pepala. Umalonjeza kuti sudzaulula za m'sukuluyi kwa anthu akunja ngakhale abale ako, sudzayambitsa ndewu, sudzayesana ndi a sukulu zina popanda chilolezo, sudzatchova njuga kapena kupita malo oipa. Lamulo la njuga lokhalo likanabweza theka la hositelo pakhomo, koma izo ndi zina. Ife tinaleredwa ndi intaneti, timakhulupirira kuti nzeru iliyonse iyenera kupezeka lero, mwaulere, mu kanema wa mphindi zitatu, ndipo wobisa ndiye kuti alibe chobisa.

Koma chinsinsicho chili pati? Ōtake anatulutsa mabuku atatu a zithunzi za kata zimenezi, m'Chijapani ndi m'Chingerezi, kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Analola BBC kumujambula iye ndi ophunzira ake, ndipo kanemayo anaonetsedwa mu 1983. Analandira Donn Draeger wa ku America, ndipo pambuyo pake alendo ena ambiri. Boma la chigawo cha Chiba linazindikira sukuluyi kuti ndi chuma cha chikhalidwe mu 1960, luso la nkhondo loyamba ku Japan kulandira ulemu wotero. Mayendedwe onse oyamba ali poyera, ndipo taona kale kuti kuwaona sikuthandiza kwenikweni. Chomwe lumbiro limateteza ndi kukonzedwa. Ndi zaka za munthu wina akukuyang'ana n'kukuuza kuti chigongono chakwera, watalikira ndi theka la phazi, ukuyang'ana lupanga m'malo moyang'ana munthu. Zimenezi sizikwana mu kanema chifukwa zolakwa zako ndi zako wekha. Lumbiro likuuza wophunzira wa miyezi isanu ndi umodzi kuti asapite kukatsegula kalasi yake ndi theka la chiphunzitso, chifukwa theka limenelo likafalikira ndi dzina la sukulu, lidzaphimba chenichenicho. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Katori inangolemba mwambiwo ndi magazi.

Pali zonena zotsutsa zomwe ndimazitenga mozama kuposa za khola. Choyamba, khomo lotseka limabala akamberembere. Padziko pali anthu ochuluka odzitcha mitu ya sukulu zakale zomwe anazipeka okha, akugulitsa masatifiketi ndi nkhani za mphunzitsi wa m'phiri amene palibe anamuonapo. Izi n'zoona. Koma chowagwira bodza ndi mwambo womwewo wa sukulu zenizeni. Ku Katori masitepe ndi ochepa, mokuroku, menkyo ndi gokui kaiden, ndipo lililonse limabwera ndi mpukutu wochokera kwa munthu wodziwika, amene naye analandira kwa munthu wodziwika. Mzere wa aphunzitsi umagwira ntchito ngati mawu a m'munsi mwa tsamba mu nkhani ya kafukufuku: ukhoza kuutsata, ndipo wabodza amathera pomwe mzere wake wasowa.

Chachiwiri n'cholemera. Zaka mazana anayi zadutsa chichokereni nkhondo za zovala zachitsulo, ndipo palibe njira yoti kata zikhale ndendende monga Iizasa anazisiyira. Munthu aliyense amene anazilandira anali ndi msinkhu wake, bondo lake lopweteka, kumva kwake. Umboni ulipo lero lomwe. Sugino Yoshio, amene anayamba ndi judo n'kudzaphunzira Katori kudzera mwa aphunzitsi aja anaitanidwa ndi Kanō, ndiponso amene anakonza ndewu za malupanga mu filimu ya Kurosawa ya Seven Samurai ya 1954, anasiya ophunzira omwe kachitidwe kawo kamasiyana mooneka ndi ka ophunzira a Ōtake ku Narita. Ndiye choona ndi chiti?

Funsoli siliopsa munthu amene anaphunzirapo za zolembedwa pamanja zakale. Buku lililonse lomwe linakopedwa ndi alembi kwa zaka mazana lili ndi makope osiyana, ndipo palibe amene amaliponya pamoto chifukwa cha zimenezo. Timaika makopewo pambali ndi pambali, pomwe agwirizana timati apa n'pakale, pomwe asiyana timafunsa kuti anasintha ndani ndipo chifukwa chiyani. Kusiyanako ndi umboni. Ndipo apa ndi pomwe ineyo ndimakangana ndi Katori yomwe. Sukulu zoterezi zimakonda kuona kope lina ngati mpatuko, ndipo mphamvu zambiri zimathera pa mkangano woti dzina ndi la ndani, wololedwa kuphunzitsa ndani, wochotsedwa ndani. Ndikumvetsa kuti popanda mwini wake dzinalo lingatengedwe ndi aliyense. Koma nkhokwe ikamalondedwa mpaka nthambi za banja lomwelo osayerekeza zomwe zasunga, china chimaola mkati alonda ali kalikiliki pakhomo.

Otamanda mopitirira nawonso asaganize kuti ndili kumbali yawo. Ndikunena aja amene akamva mawu oti samurai maso amalengeza misozi, n'kuyamba kulalikira za bushido ngati malamulo omwe wankhondo aliyense ankayenda nawo m'thumba. Bushido yomwe dziko limaidziwa inafalitsidwa kwambiri ndi Nitobe Inazō, Mkhristu amene analemba buku lake m'Chingerezi ali ku America cha m'ma 1900, kulembera azungu, asamurai atatha kale. Pambuyo pake boma la asilikali la Japan linatenga mawu omwewo n'kutumiza nawo anyamata kukafa. Asamurai a nthawi ya Iizasa ankasintha mbali, ankatentha midzi, ankawerengera mabala awo kuti alipidwe. Kata za ku Katori zimachokera kwa anthu amenewo, ndipo n'chifukwa chake zikuloza mtsempha wa m'ntchafu. Wozisandutsa ndakatulo ya ulemu wazinyoza mofanana ndi wozitcha gule.

Ōtake yemwe analowa sukuluyi mu 1942 ali ndi zaka 16, mwana wa mlimi, nkhondo ili mkati, akudziwa kuti posachedwa aitanidwa ku usilikali ndipo akukayika ngati ali ndi mtima woyang'anizana ndi imfa. Mnyamata ameneyo ankadziwa bwino kuti lupanga la mtengo silingaimitse ndege ya mabomba. Anapita kwa mphunzitsi Hayashi Yazaemon kukafuna china chija Friday akunena, ndipo anakhalabe m'sukuluyi mpaka anamwalira mu 2021 ali ndi zaka 95.

Latsala funso lachitatu lija, loti mwa awiri a mu kata wamkulu ndi uti. Mbali ziwirizo zili ndi maina: kirikomi, amene amamaliza ndi kutema kopambana, ndi ukedachi, amene amalandira. Kirikomi ndi wamng'ono. Ukedachi, amene amagonja kumapeto kwa kata iliyonse, ndi mphunzitsi kapena wophunzira wamkulu. Iye ndiye amayendetsa liwiro, amatsegula mpata kuti wamng'onoyo auone, amautseka wamng'onoyo akachedwa, amawonjezera moto akaona kuti mwanayo wayamba kuzolowera. Wamng'ono akafika pophunzira ndodo, naginata kapena mkondo, wamkuluyo amakhalabe ndi lupanga n'kumagonjanso ku chida chilichonse. Pa kanema wa masekondi 30 izi sizilembedwa. Choncho mukadzaona wina akuloza nkhalamba yomwe yatemedwa kumapeto n'kumati uyu ndiye wofooka, dziwani kuti akuloza munthu amene wakonza ndewu yonseyo kuyambira pa sitepe yoyamba, ndipo mawa adzatemedwanso ndi wophunzira wina.